Chipinda Chimene Yakobe Sanagonemo

Ine zamizimu sindilowamo. Ndinabatizidwa ndili khanda, ndimaimba besi m'kwaya ya abambo, ndipo munthu akandiuza kuti waona chakutichakuti kumanda ndimayamba ndamufunsa kuti wamwa mabotolo angati. Koma ichi chimene ndinaona kunyumba kwa mlongo wanga, kumunsi kwa Chintheche, ndinachiona dzuwa likuswa mtengo, m'mimba muli tiyi yekha. Mukandifunsa kuti chinali chiyani ndikuuzani kuti kaya.

Ku Joni tinapita awiri, ine ndi mlamu wanga Yakobe, mwamuna wa mlongo wanga NyaLongwe. Kwathu kuno mwamuna amene sanapondeko ku Joni amaoneka ngati sanamalize kukula. Agogo athu anapita, abambo athu anapita, ena anabwerako ndi masutikesi ndi zipewa, ena anatchona mpaka lero. Nafenso nthawi yathu itakwana sitinafunse munthu.

Tisananyamuke, Yakobe anapima malo a nyumba. Zaka zimenezo nyanja inali itathawa, itasiya mchenga wautali woti mwana ukamutuma kukatunga madzi ankabwera akudandaula miyendo. Yakobe anakhoma zikhomo zake pamchenga pomwepo, kumunsi kwa mkuyu waukulu. Mayi ake, Ama NyaPhiri, anatsetsereka ndi ndodo yawo n'kumuonetsa zipsera za zingwe pathunthu la mkuyuwo.

"Ukuziona izi? Agogo ako ankamangirira bwato pamtengo uno. Pamene wakhoma zikhomo zakopo ndi pamene ife tinkachapira. Madzi saiwala khwawa, mwana iwe."

"Ama, zimenezo n'zamakedzana," anatero Yakobe akuseka. "Nyanjayi yakalamba ngati inu nomwe. Chitunda ichi ingachikwerenso?"

Tonse amene tinalipo tinaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse.

Za ulendo sindinena zambiri. Tinatupa mapazi m'basi, tinagona pansi m'maboda, tinafika ku Durban titada ngati mapoto. Tinapeza malo pachitunda china cha dothi lofiira, m'kanyumba ka malata ndi makatoni, komweko amati mkhukhu. Kumunsi kwake kunkadutsa kamtsinje kakuda kodzaza majumbo. Amalawi tinalipo ambiri, a ku Mangochi, a ku Mzimba, ndi ife Atonga. Lamlungu madalaivala a katundu akatibweretsera ufa wa chinangwa ndi usipa tinkaphika kondowole, anyamata a ku Mangochi n'kumatiseka kuti tikudya guluu womatira nsapato. Kuseka ankaseka, koma mbale ankaisiya yoyera.

Ine ndinayamba ndi kutchetcha kapinga kwa Amwenye ena, kenako ataona kuti manja anga ndi aukhondo anandilowetsa kukhitchini. Yakobe anapeza ya mumsewu, kukumba ngalande za mapaipi. Kumeneko anamupatsa jekete lamtundu wa lalanje, la mizere yonyezimira ija, ndipo munthuyo analikonda ngati suti. Kutchalitchi ndi lomwelo, kumaliro ndi lomwelo. Tsiku lina ndinaliotcha pathumba ndi kandulo mwangozi, anakhala sabata yathunthu akundiyankha ndi mphuno.

Nyumba yake inkakula pafoni. NyaLongwe ankatumiza zithunzi: maziko, kenako khoma lafika pawindo, kenako malata. Yakobe ankazungulira nayo foniyo mkhukhu uliwonse ngati akuonetsa mwana wobadwa kumene.

"Alamu, taonani khonde! Pamenepa ndi pamene ndizidzakhala, miyendo pampando, ndikuona mabwato akuchokera ku usipa. Inu muzidzabwera kudzandipempha tiyi."

"Ndizidzabwera ndi kapu yanga, alamu, popeza inu kuumira ndiye mtundu wanu."

Tsono kwa a Yakobe kuli mwambo wawo. Nyumba yatsopano, chipinda chachikulu sagonamo munthu wina aliyense mwini wake asanagonemo. Kaya mkazi, kaya mlendo wolemekezeka chotani, ayi. Nyumba itatha, mlongo wanga anagula bedi ndi matilesi, anayala bulangete latsopano, anakiya chipindacho, kiyi n'kumupatsa dalaivala wa katundu atamubisa m'thumba la usipa. Iye ndi ana ankagona pabalaza, pamphasa. Yakobe anamangirira kiyiyo ku chingwe cha nsapato n'kuvala m'khosi, ndipo ngakhale posamba sankavula. Anzathu ankamunena kuti ndi bambo wa kiyi wopanda chitseko.

Kupita kwawo ankafuna, koma mapepala ake anali atatha kalekale, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukatuluka paboda uli choncho amakudinda kuti usadzabwerenso msanga. Ndiye ankati agule kaye injini ya boti, akapita apitiretu. "Disembala uno ndikupita, alamu." Disembala ankafika, ankadutsa, kiyi ali m'khosi.

Mvula ya ku Durban tinkaidziwa, inkabwera ndi ukali n'kupita. Koma imene inatenga mlamu wanga inali ya mtundu wina. Inalibe bingu, inalibe mphepo, inkangotsika basi ngati wina waiwala kutseka mpope kumwamba. Tsiku loyamba tinatchera mabeseni pamene pankadontha. Kenako mabeseni anachepa. Chimene sindiiwala n'chakuti agalu onse a pachitunda paja anasowa, ngakhale kagalu kopunduka kamene kankagona pakhomo pathu. Achule amene ankatisokosa kumtsinje anangoti zii. Kuseri kwa zimbudzi nthaka inang'ambika mng'alu woti dzanja n'kulowa, ndipo munkatuluka fungo la dothi la pansi penipeni, longa la manda okumba kumene. Tinauona mng'aluwo, tinagwedeza mitu, tinabwerera m'nyumba. Tikanapita kuti?

Masana a tsiku limene tinaona mng'aluwo adona a kuntchito kwanga anaimba foni kuti madzi akulowa m'galaja, ndipite ndikathandize ndipo ndikagone konko. Ndinalibe chofunda pamvula. Yakobe anavula jekete lake lija n'kundiponyera.

"Valani ili. Koma mukalibweze, alamu, si la boma limeneli."

"Tiyeni tipitire limodzi. Mukagona m'galaja momwemo, adona sangakane."

"Ine Mtonga, wobadwira m'bwato, ndithawe madzi? A ku Mangochi awa angandiseke mpaka Khirisimasi. Pitani, mukanditengereko zotsala za mabwana."

Ndinamusiya atakhala pachigubu, akusoka nsapato, kiyi akulendewera pachifuwa.

Kutacha ndinabwerera wapansi chifukwa minibasi sizinkayenda. Nditakhota pakona pamene tinkayambira kuona mikhukhu yathu, ndinaganiza kuti ndasochera. Chitunda panalibe. Mbali yonse imene tinkakhala inali itatsetsereka n'kukalowa mumtsinje, patangotsala chilonda chofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anthu anaima m'mphepete, osalira. Chinkamveka ndi madzi okha.

Tinakumba ndi mafosholo, tinakumba ndi manja. Ena tinawapeza. Ndinayenda m'zipatala, ndinalowa m'nyumba zachisoni, ndinavundukula nsalu pankhope za anthu osawadziwa mpaka ndinasiya kuopa. Ndinafika mpaka kumene mtsinje uja umathira m'nyanja yamchere, kumene mchenga unadzaza mafiliji, zitseko, matilesi ndi nsapato za ana. Yakobe sanapezeke. Paja amati mvula ikakuona litsiro siikata. Amene anandithandiza kufunafuna anatopa mmodzimmodzi n'kubwerera kukafuna ganyu, ndipo sindiwada, njala sidikira maliro.

Nditaimbira mlongo wanga anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi.

"Achimwene, mwamuona ndi maso anu?"

"Ayi, NyaLongwe, koma chitunda chonse..."

"Ndiye musandiuze za maliro."

Ndinakhalako miyezi ina, koma Joni anali atandiwawira. Mvula ikangoyamba kuwaza padenga ndinkadzidzimuka n'kuthamangira panja ngati wamisala, mpeni wa anyezi uli m'manja. Ndinalongedza n'kubwera kumudzi, jekete lija lili pansi pa chikwama.

Abale a Yakobe anachita zimene timachita munthu akafera kumene mtembo wake sunaoneke. Anadula thunthu la nthochi, analiveka jekete lija, analiika m'bokosi, mkulu wa mpingo anapemphera, tinakaika kumanda a kumwera kwa mudzi, m'mphepete mwa nyanja. Amayi analira mpaka mawu kusasa. Mlongo wanga anakhala pakhonde la nyumba yake akusenda chinangwa, osagwetsa ngakhale dontho la msozi. Atabwera amayi kuti amumete monga amachitira namfedwa, anawabweza.

"Mwaika nthochi inu. Ine sindinakwatiwe ndi nthochi."

Anthu anati musiyeni, chisoni chili ndi njira zambiri, adzalira yekha. Miyezi inapita, chaka chinatha, osalira. M'mawa uliwonse ankasesa pakhomo pa chipinda chokiya chija n'kupukuta chitseko ndi kansalu.

Kenako nyanja inayamba kubwera. Anthu a kumtunda amaganiza kuti madzi akamabwera amachita phokoso. Nyanja yathuyi ayi. Inkangosendera mwakachetechete, lero chikhatho chimodzi, mawa china, ngati mlendo wamanyazi amene akusuntha mpando pang'onopang'ono kuyandikira mbale. Miyala imene tinkasambirapo inamira. Matandala oyanikapo usipa tinawasuntha, tinawasunthanso. Chinangwa cha m'minda ya kumunsi chinaolera pansi, ukazula kumangotuluka phala lonunkha. Kumalo ena ogona alendo, mipando ya pakapinga inaima m'madzi, antchito n'kuuzidwa kuti akadikire kwawo. Akuluakulu ankati nyengo yasokonekera, mvula siidziwanso miyezi yake, mwera ukuomba nthawi imene si yake. Pawailesi ankanenanso zomwezo m'mawu ataliatali.

A nyumba za kumunsi anayamba kusamukira kumtunda, kufupi ndi msewu. Ama NyaPhiri anatenga adzukulu awo kupita nawo kumeneko. Ine ndinkadikira kuti tsiku lina anena kuti ndinkanena ine, koma mayi aja sanatsegule pakamwa. Ankangoima pamkuyu paja, kuyang'ana madzi akunyambita masitepe a nyumba ya mwana wawo, n'kubwerera.

Mlongo wanga anakana kuchoka. Madzi analowa pakhonde, analowa pabalaza, iye anakweza mphasa yake patebulo n'kumagona pamenepo. Nyumbayo maziko ake anali pamchenga, ndipo ya a neba ake, yomangidwa chimodzimodzi, khoma lake linali litagwa kale masanasana n'kupha mbuzi. Ine tulo ndinalibe. Ndinataya kale mlamu ndi madzi, ndimati nditayenso mlongo wanga ndikuona?

"NyaLongwe, khoma ili lang'aluka, ukuliona wekha. Tiye kumtunda, ana akukulira."

"Akabwera apeze nyumba yopanda munthu? Kiyi ali naye ndi iyeyo. Amulandire ndani?"

"Abwera kuchokera kuti, iwe? Ndinakumba ndi manja awa! Munthuyo anapita ndi madzi!"

"Ndiye madziwo ndi awa akubwerawa, achimwene."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinatola mpini ndimati ndithyole chitsekocho, nditulutse bedi, nkhani ithe. Anandigwira mkono ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ali nazo.

"Mukathyola chitseko chimenecho, mundiiwale. Mudzandiona pamsika ngati munthu wachilendo."

Ndinataya mpini m'madzi n'kutuluka. Ndinayesa abusa, ndinayesa amayi a kumpingo, onse anabwerako zovala zitanyowa, atalephera.

Nthawi yomweyo nyanja inali itayambanso kudya manda. Tinapangana amuna a m'mudzi kuti tifukule amene ali m'mphepete tikawaike kumtunda, koma tisanayambe kunabwera mwera woopsa, wa masiku angapo, woti palibe bwato limene linalowa m'madzi. Mafunde ankamenya gombe ngati akulipidwa. Tsiku lililonse ndinkapita kukamuona mlongo wanga, ndinkamupeza ali patebulo pake, nyumba ikunjenjemera, iye akuluka chipewa cha mwana.

M'mawa umene mwera unaleka tinapita kumanda ndi makasu. Tinapeza mzere wonse wa m'mphepete utagumukira m'nyanja, pamodzi ndi manda a Yakobe. Mtanda wake unali utapendekeka m'madzi, matabwa a bokosi akuyandama apa ndi apo. Mkulu wina anati, "Komabe tiyamike, umu munali nthochi chabe." Tinagwirizana kuti mlongo wanga tisamuuze, mavuto ali nawo ndi okwana.

Kuchoka kumandako ndinalunjika kunyumba kwake, ndikuyenda m'madzi ofika m'mawondo. Dzuwa linali pamutu. Nyanja inali itagona ngati mafuta m'mbale, moti sukanakhulupirira kuti ndi yomwe ija ya dzulo. Kutali pakati nkhungu, ntchentche zing'onozing'ono za panyanja zija, zinaimirira ngati utsi wa nyumba yakupsa, osasuntha. Kunalibe mbalame, kunalibe mwana, nyumba zonse za mzere umenewo zili mabwinja, zitseko pululu. Ndinkangomva miyendo yanga ikuvundula madzi.

Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Mlongo wanga anali atakhala patebulo, atavala bulauzi yake yoyera ya kumpingo ndi duku, manja pamiyendo. Nditati ndilankhule anakweza chala.

"Musachite phokoso, achimwene. Wafika."

Ndinatembenuka. Chitseko cha chipinda chija, chimene sichinatsegulidwepo chichikiyire mlongo wanga, chinali chotsegula. Loko anali wokiya ndithu, kachitsulo kake katatuluka, koma felemu linali litapendekeka n'kukasiya.

Ndinasuzumira. Munkanunkha mpweya wa chipinda chotsekedwa zaka. Bedi linali loyala bwinobwino, bulangete likadali ndi mizere ya mmene analipindira kusitolo. Madzi anali atafika m'mphepete mwenimweni mwa matilesi. Ndipo pambali pa bedi, pamwamba pa madziwo, panali jekete lija, chafufumimba, manja atatambasuka, mkono umodzi utakwera pabulangete ngati munthu wotopa amene akufuna kudzikweza kuti agone. Kuwala kolowera pawindo kunkamenya mizere yake ija. Timafunde timene ndinabwera nato ndi miyendo yanga tinkalikweza n'kulitsitsa, kulikweza n'kulitsitsa.

Ndinalitembenuza ndi chala. Pathumba panali chipsera cha kandulo yanga.

Ndikudziwa zimene munena, nanenso ndadziuza zomwezo kambirimbiri. Mwera umachokera kumwera, manda ali kumwera, nsalu ya mtundu umenewo siola. Khoma linatitimira, felemu linasiya chitseko. Zonsezo n'zoona. Koma nyumba zomira pamzere umenewo zinalipo zambiri, zonse zosatseka, ndipo matabwa a bokosi, maukonde ong'ambika ndi zinyalala zina zonse zinakatsakamira m'bango. M'nyumba ya mlongo wanga munalowa jekete lokha. Ndipo za kugumuka kwa manda, mlongo wanga panalibe amene anali atamuuza.

"Wabwera nthawi yanji?" Ndinadzimva ndikufunsa choncho, ine wa m'kwaya.

"Kutangocha. Ndinamva kugogoda pachitseko cha panja, ndinati lowani, n'kwanu kuno. Ndiye ndinati ndivale kaye bwino."

Anatsika patebulo, analowa m'chipindamo koyamba chikiyireni. Ananyamula jeketelo ndi manja awiri, madzi akuchucha, analigoneka pabedi mbali ya kukhoma, anakonza manja ake, analifunditsa bulangete mpaka m'khosi. Anaima akuliyang'ana. Kenako pakamwa pake panatuluka kulira kumene sindinamvepo chibadwire, kulira kumene kunasungidwa nthawi yonse ija. Kunayenda pamwamba pa madzi mpaka kumtunda. Amayi a kumsewu anakumva, anataya mitondo ndi mabeseni, anatsetsereka akulira nawo, Ama NyaPhiri ali patsogolo, ndodo ataiiwala. Inenso ndinalira, nditatsamira khoma long'aluka lija, osasamala kuti ligwa.

Atatopa anapukuta nkhope ndi duku, anatuluka m'chipindamo, anakoka chitseko pang'onopang'ono monga umachitira munthu akagona.

"Wagonamo m'nyumba yake. Tiyeni tsopano, achimwene."

Anatuluka ndi beseni limodzi ndi chipewa cha mwana chija. Mawa lake apongozi ake anamumeta pansi pa mtengo wa mango, iye atakhala phee, ana atamugwira miyendo. Sabata isanathe nyumbayo inagwa, masana, popanda ngakhale kamphepo. Amene anaona akuti inangogwada n'kukhala pansi.

Mlongo wanga pano amagulitsa usipa pamsika wa Chintheche, ndipo wanenepa. Ine ku Joni sindinabwerereko, ndinagula kabwato. Timamangirira pamkuyu paja, chingwe chimalowa ndendende m'zipsera zakale zija. Kukakhala bata malata a nyumbayo amaoneka pansi pa madzi, tinsomba tikulowa ndi kutuluka pawindo, ndipo palibe msodzi wa m'mudzi mwathu amene amaponya ukonde pamenepo ngakhale nsomba zitachuluka bwanji.

Njira yanga yopita kokawedza imadutsa pamwamba pa khonde lija. Ndikafika pamenepo ndimaleka kupalasa, ndimavula chipewa, ndimati, "Odi, alamu." Kenako ndimapalasa msangamsanga, chifukwa sindifuna kudikira kuti andiyankhe.